Musamugwire Kumutu

9 Febuluwale

Mng'ono wanga,

Ndikhulupirira kuti muli bwino kumeneko, iwe ndi mwana wanga Kasingano. Ine kuno ndili bwino, kungoti msana. Ntchito ndi yomwe ija yosamalira okalamba: kuwadzutsa, kuwasambitsa, kuwadyetsa, iwo n'kumakutukwana kuti madzi azizira. Pali mayi wina amene kale anali mphunzitsi, salola kuti wina amupese koma ine ndekha. Ndikamamupesa ndimati taonani ine, ndikupesa imvi za eni ake pamene tsitsi la mwana wanga sindinaligwire zaka zitatu.

Ndatumiza phukusi kudzera kwa msuweni wathu woyendetsa lole uja. Muli nsapato, diresi lachikasu, maliboni ndi mikanda ya m'tsitsi. Sopo wonunkhirayo ndi wako, usamanene kuti sindikukumbukira.

Tsono tamvera. Ndikufuna chithunzi. Chimene ndili nacho n'chakale, Kasingano alibe mano akutsogolo, pamene pano akukwanitsa zaka zisanu ndi zinayi. Umuluke bwinobwino, umuike mikandayo, avale diresilo, mupite kwa wojambula. Iwe suja akazi amachita kulimbirana mpando wa mu saluni yako? Ndiye usanditumizire mwana wa mutu wonyankhalala ngati alibe mwini. Anzanga kuno anamata zithunzi za ana awo m'makabati, ine yanga ili pululu.

Undiyankhe msanga. Ulesi wako wolemba makalata ndimaudziwa.

Ndine mkulu wako.

2 Malichi

Achemwali,

Kalata yanu ndi phukusi zafika bwino, zikomo kwambiri. Kuno tili bwino. Nsapato zija n'zothina, inu mukuyezabe phazi limene munalisiya. Koma mwini wake sakufuna kumva. Akuzivala choncho, akuyenda monyang'ama, ukamufunsa akuti sizikupweteka.

Saluni ndinasamutsa. Pano ndili m'kachipinda ka kuseri kwa sitolo yogulitsa penti ndi misomali. Muli mipando iwiri, benchi, ndi galasi lija munandisiyira, limene linasweka pakona posamuka. Fungo la penti likasakanikirana ndi la mankhwala a tsitsi, ena amatuluka akuyetsemula, koma amabweranso. Kasingano akaweruka kusukulu amalembera pabenchipo, makutu ali tcheru. Tsiku lina kasitomala akufotokoza nkhani ya mwamuna wake, mwana wanuyo anadzutsa mutu n'kunena kuti, "Sabata yatha munati anabwera Lachiwiri." Ndinachita kusowa poyang'ana. Mayeso apitawa anakhala nambala yachitatu.

Za chithunzi musadandaule. Loweruka lapitalo tinakonzeka ndithu, ndinamuluka mpaka theka, koma sanamve bwino m'thupi ndiye tinasiya. Loweruka likubwerali wojambula akuti achokapo. Chibwera, musathamange magazi.

Msanawo muzithowa ndi madzi otentha.

Ndine mng'ono wanu.

30 Malichi

Iwe,

Moni ndikupatsa chifukwa ndinaleredwa bwino, koma mtima wanga suli m'malo.

Msuweni wafika dzana. Ndamufunsa za mwana, iye n'kumandiuza za matayala a lole. Nditamupanikiza wanena kuti anamupeza Kasingano ali ndi mlomo wotupa, ndipo atafunsa iwe unayamba kukamba za mtengo wa mafuta odzola. Potuluka, mayi wa sitolo ya penti anamukokera pambali n'kumuuza kuti mwanayo amagwa.

Amagwa bwanji? Amagwa pati? "Sanamve bwino m'thupi" ndiye chiyani? Nkhani ya mwana wanga ndizimvera kwa wogulitsa misomali, iwe ulipo? Ndinakusiyira khanda la miyezi isanu ndi itatu chifukwa ndinkati palibe wina amene ndingamukhulupirire. Sindinaiwale kuti unamulera ndiwe, ine ndimangobwera ngati mlendo. Koma ndinamubereka ndine, ndipo ndili ndi ufulu womva.

Ulembe zonse, usasiye kanthu.

Mkulu wako.

18 Epulo

Achemwali,

Moni. Mwakalipa ndipo mukulondola. Ndilemba zonse.

Zinayamba mu Januwale, kalata yanu yopempha chithunzi isanabwere. Linali Loweruka masana. Anakhala pansi pakati pa mawondo anga monga mwa masiku onse, ine ndikumuluka, makasitomala awiri akudikira pabenchi. Ndinangomva akuti, "Amayi aang'ono, nyerere." Ndisanafunse kuti zili pati, dzanja lake lamanzere linakwera lokha m'mwamba n'kuuma gwa, mutu unapotokera kumbali, kenako thupi lonse linayamba kugwedezeka. Thovu kukamwa, maso atatembenuka. Kasitomala wina anathawa ndi thaulo langa m'khosi. Winayo anatenga supuni n'kumukanikiza nayo m'kamwa, ati asadzilume lilime. Mayi wa penti anaima pakhomo akukuwa kuti ndisakhudze malovuwo, ndingatengere. Ine ndinapukuta ndi nsalu yanga. Mwana ndi wanga, nditengere chiyani?

Sizinathe mphindi ziwiri, koma ine ndinakalamba tsiku limenelo. Atatsitsimuka sankakumbuka kanthu, ankangofuna kugona.

Kuchokera apo wagwa kasanu ndi kawiri. Mlomo umene msuweni anauona unali wa supuni inanso, ya munthu winanso wofuna kuthandiza. Kuchipatala akuti ndi khunyu. Dokotala wake ndi mayi wachitsikana wa magalasi, wolankhula mofatsa. Wandiuza kuti matendawa sapatsirana, kuti akagwa ndizimugoneka cham'mbali, ndichotse zimene angadzimenyetse, ndipo m'kamwa musalowe kanthu. Watipatsa mapiritsi a m'mawa ndi madzulo. Wandiuzanso kuti ndigule kope, ndizilembamo tsiku lililonse limene wagwa, nthawi yake, ndi chimene amachita asanagwe.

Ine ndayesa zanga. Ndinaganiza kuti ndi fungo la mafuta a tsitsi, ndinasintha. Ndinaganiza kuti ndi dzuwa la pakhomo, pano ndimamulukira mkati. Ndimamudyetsa kaye, ndinagulanso chipeso cha mano otalikirana. Palibe chasintha. Makasitomala ena anasiya kubwera, apite, tsitsi silidzatha pa dziko.

Ndinakubisirani chifukwa muli kutali. Ndinkati mukamva mutani, kupatula kumalira muli pantchito, nkhalamba ili m'manja? Ndinalakwa. Koma musaganize kuti mwana akusowa chisamaliro.

Ndine mng'ono wanu.

20 Meyi

Achemwali,

Moni. Chithunzi chija nachi. Mikanda sitinaike. Mwana akupezako bwino, akumwa mankhwala, akupita kusukulu. Zambiri ndilemba mtima ukakhala pansi.

Mng'ono wanu.

11 Juni

Iwe,

Ndatsegula envelopu anzanga atandizungulira, aliyense akufuna kuona. Ndinachita kuibisa m'thumba n'kuthawira kuchimbudzi.

Wamumeta mwana wanga? Iwe, woluka tsitsi, umene umakongoletsa ana a eni ake tsiku ndi tsiku, wanga ndiye wamudula ngati nkhosa? Wavala diresi langa lachikasu, akumwetulira, mutu uli mbuu ngati mwana wosowa kwawo. Ndipo kalata yake mizere itatu basi.

Ndafunsanso msuweni, ndipo ulendo uno sanabise. Akuti anakhala mu saluni yako ola lathunthu. Kasingano anabwera kudzatsamira pamiyendo pako, iwe unasuntha mpando. Anabweranso, iwe unaimirira n'kuyamba kusesa pamalo posesa kale. Akuti manja ako unawapinda kumbuyo ngati wina wakumanga.

Ndamva, mng'ono wanga, sindine mwana. Mayi wa penti uja wakulowa m'mutu. Wayamba kunyansidwa naye, ukuopa kutengera, ndipo wamumeta kuti usamamugwirenso. Ine ndimapukuta anthu osawadziwa, ndimawasintha zovala atadziipitsira, ndiye ndilephere mwana wanga? Ngati watopa ukanangonena.

Pasipoti yake ili m'sutikesi yanga yobiriwira, m'thumba la mkati. Makalata ena onse ndakonza kuno. Msuweni anyamuka kumeneko pa 6 Julayi, umupatse mwanayo ndi zovala zake ndi mankhwala ake. Usandilembere zondichonderera, ndaganiza kale.

Mkulu wako.

28 Juni

Achemwali,

Moni. Kalata yanu ndaiwerenga kamodzi kokha, sindingathe kuibwereza. Sindikuchondererani. Mwana ndi wanu, pa 6 adzakwera loleyo. Koma werengani izi mpaka kumapeto, chifukwa muyenera kuzidziwa iye asanafike. N'chifukwa chake ndaponya pa positi lero lomwe osadikira msuweni.

Kumayambiriro a Meyi tinapita kwa dokotala ndi kope lija. Munalembedwa kuti wagwa kakhumi ndi kamodzi. Anawerenga mwakachetechete, kenako anatembenuza kopelo kuti liyang'ane kwa ine n'kunena kuti, "Mayi, tawerengani mzere wakumapetowu, kuyambira pamwamba mpaka pansi." Ndinawerenga. Ndimamuluka. Ndimamupesa. Ndimamutsuka m'mutu. Ndimamuluka. Ndimamumasula. Pena anagwa kawiri tsiku limodzi, ndipo kachiwiriko ndinalemba kuti ndimamusisita kumutu kuti agone.

Ndinalemba ndekha zimenezo, ndi dzanja langa, kakhumi ndi kamodzi, osaona. Ndikanaona bwanji? Ndamuluka mwana ameneyu kuyambira ali ndi zaka ziwiri. Kwa ine kugwira mutu wa munthu kuli ngati kupuma. Ndinakayikira mafuta, dzuwa, chipeso, njala, penti, koma manja angawa ayi.

Dokotala anamufunsa Kasingano kuti nyerere zija zimayambira pati. Analoza pamwamba pa khutu lamanzere, malo osaposa chikhatho chake. Dokotala akuti khunyu lina limabwera lokha, koma lina limachita kudzutsidwa. Ena limawadzutsa ndi kuwala kothwanima, ena madzi otentha, ena akadzidzimuka kapena akasuntha mwendo mwadzidzidzi. Wathuyu ndi pamene khungu la pamenepo lakhudzidwa, makamaka kusisitidwa kapena kukokedwa. Anati si ine ndinamudwalitsa, matendawo anali m'mutu mwake kale. Ndinamva, koma ndinatuluka m'chipindamo manja ndikuwaona ngati a munthu wina.

Tsitsi ndinadula ndi sizasi, pang'onopang'ono, osakhudza khungu, iye atagwira galasi. Lalifupi silifuna chipeso. Ndinalira ndine, iye ankaseka kuti akuoneka ngati msuweni. Kuchokera tsiku limenelo wagwa kamodzi kokha, pamene ankavula juzi yothina pakhosi.

Zimene msuweni anaona n'zoona. Ndimasuntha mpando. Manja angawa samva, achemwali. Mutu ukangofika pafupi amapita okha, ine ndikucheza, osadziwa. Ndiye ndimawapinda kumbuyo kapena ndimagwira tsache. Mukuti ndikunyansidwa naye. Mulungu akudziwa kuti chimene ndimafuna kuposa chakudya ndi kumuika pamiyendo panga n'kumupesa.

Bwanji sindinalembe mu Meyi? Manyazi. Ndikanayamba bwanji kuti mwana wanu amagwa ndikamugwira ine?

Tsono izi musunge. Zovala zikhale za mabatani, osati zovulira kumutu. Chipewa ayi, mpango ayi. M'mutu amadzitsuka yekha, amangothira madzi ofunda osatikita. Amagonera kumanja. Mapiritsi asadumphe ngakhale tsiku limodzi, ndipo amanama kuti wamwa, muziona ndi maso. Kusukulu mukawauze aphunzitsi.

Chachikulu ndi ichi. Ndimakudziwani mmene mumalandirira munthu, mumamukumbatira mutu n'kuukanikiza pachifuwa. Akamatsika loleyo musamugwire kumutu. Mugwireni manja, mapewa, msana, paliponse. Msuweni ndimuuzanso kuti akukumbutseni.

Ndine mng'ono wanu.

14 Julayi

Mng'ono wanga,

Moni. Sindikudziwa poyambira, ndiye ndingoyamba.

Kalata yako ya pa 28 Juni yafika pa 12, mwana atakhala kale kuno masiku atatu.

Anafika pa 9 masana. Ndinapempha tchuthi, ndinakadikira pabwalo pamene amaimika malole kuyambira m'mawa. Lole italowa pageti, msuweni anayamba kuibweza m'mbuyo kuti aiimike bwino, akundikuwira chinachake pawindo. Sindinamve, injini inali kulira, ndipo ine maso anali pa kamutu kamene kanali pambali pake. Asanazimitse, chitseko chinatseguka, mwana analumpha n'kuthamangira kwa ine. Ndinagwada. Ukudziwa kale chimene ndinachita. Ndinamugwira mutu ndi manja onse awiri, ndikuusisita, ndikunena kuti tsitsi lako lija analitani, tsitsi lako lija analitani.

Anangoti, "Amayi, dikirani." Kenako dzanja linakwera.

Ndaona anthu akugwa kuntchito kuno, ndinaphunzitsidwa chochita. Koma ndinangoima ngati chitsa, ndikukuwa. Anamugoneka cham'mbali ndi msuweni, woyendetsa lole, n'kumuikira jekete yake pansi pa tsaya, akundiuza kuti, "Mng'ono wanu anandiphunzitsa, sunthani apume." Pabwalopo panali mafuta a galimoto, diresi lonse linada.

Mawa lake titakhala m'chipinda changa, msuweni atandifotokozera zonse zimene unamuuza, ndinamufunsa mwana ngati ankadziwa chimene chimamugwetsa. Anayang'ana pansi. Kenako anati, "Ndinadziwa kalekale, tsiku lachiwiri lomwe." Ndinati nanga bwanji sunawauze amayi ako aang'ono? Anati, "Ndikananena akanasiya kundiluka. Ndipo anasiyadi."

Mng'ono wanga, miyezi inayi mwana ameneyu ankabwera yekha kudzakhala pakati pa mawondo ako akudziwa chimene chikubwera. Ine ndili kuno n'kumalemba kuti ukunyansidwa naye. Ndakulakwira kwambiri. Mawu aja ndikanatha ndikanawameza, koma uli nawo papepala. Undikhululukire.

Dzulo ndinapita naye kuchipatala chachikulu chimene timatumizako okalamba athu. Kuli dokotala woona za matenda a ubongo okhaokha. Wawerenga kope lija unatumiza ndi mwana tsamba ndi tsamba, ndipo anafunsa ngati analemba ndi namwino. Akuti pali mankhwala ena amene angamuthandize kwambiri, mwina mpaka kudzafika pomagwidwa kumutu osagwa, koma salonjeza. Afunika kumamuona mwezi ndi mwezi, chaka chathunthu kapena kuposa, uku akusintha muyezo.

Koma mwana sakudya. Amakhala pawindo kuwerenga malole odutsa. Akafuna kundiitana amayamba "Amayi aang'…" n'kudzigwira pakamwa. Ndinamutenga mwaukali, popanda chifukwa, ndiye sindingagamulenso ndekha. Unene iwe. Ukati abwerere, msuweni adutsa kuno kumapeto a Ogasiti, ndidzamukweza lole yomweyo ndipo sindidzatsutsa.

Ndine mkulu wako, ngati ukundilolabe.

3 Ogasiti

Achemwali,

Moni, ndipo mumupatse moni Kasingano. Za kukhululuka tisatayepo inki. Munakalipa chifukwa ndinu mayi wake, ine ndinabisa chifukwa ndine wopusa, zatha.

Kalata yanu ndakhala nayo sabata yathunthu. Kawiri ndinalemba kuti abwere, kawiri ndinang'amba. Mwandipatsa chinthu cholemera, achemwali, bola mukanangolamula monga mumachitira.

Ndinapita kwa dokotala wathu wa magalasi uja n'kumuwerengera zimene dokotala wanuyo wanena. Sanazungulire. Anati mankhwala amenewo kuno sawaona kawirikawiri, ndipo makina oyezera alibe. Ndinamufunsa kuti akanakhala mwana wake akanatani. Anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta, ine yankho ndinalidziwa.

Asabwere. Akhale konko mpaka dokotalayo atanena kuti zatheka. Kuno ndingamupatse chiyani? Ndingamupatse mayi woyenda manja ali kumbuyo, wothawa mwana akamuyandikira. Ndikufuna adzakule ali munthu woti mnzake angamugwire kumutu posewera, woti tsiku lina mwana wake adzamukoke tsitsi iye n'kungoseka. Ngati zimenezo zili kumeneko, akhale kumeneko.

Musamuuze kuti munandifunsa. Akadziwa kuti ndinali ndi mpata womuitanitsa ndipo ndinakana, sadzamvetsa, ndi mwana. Mungomuuza kuti dokotala ndiye walamula. Za kudya musamukakamize, mungomuikira mbale pafupi n'kuyamba kucheza za zina, amadya akaiwala kuti wakwiya. Akamakuitanani molakwitsa musamukonze, zidzatha zokha. Ndikudziwa kuti zidzatha, ndipo ndi zimene zikundiwawa.

Ine ndili bwino, ntchito ikuyenda. Dzulo kunabwera mayi wina wachilendo ndi mwana wake wamkazi, msinkhu womwewo. Anati ndimuluke mizere isanu ndi itatu yopita kumbuyo. Mwanayo anakhala pansi, n'kutsamira pabondo langa, ndisanafike ndi pakati pomwe anali atagona. Mizere isanu ndi itatu ndi ntchito ya theka la ola. Ndinamaliza, koma sindinamudzutse. Ndinamasula mzere womaliza n'kuulukanso, kenako ndinamasula wina. Amayi ake anayang'ana wotchi n'kufunsa kuti, "Kodi simunathebe?"

Ndinati, "Kwatsala pang'ono, mayi."

Ndine mng'ono wanu.